Njinga yamoto ikamadya oyilo, oyiloyo amapita kuti?

Akabaza a pa Songani akamati njinga "ikudya oyilo" amatanthauza kuti amathira oyilo Lolemba, pofika Lachisanu watsika, pomwe nthawi yosintha sinakwane. Mawuwa ndi abwino, koma kwa ife a Physics ali ndi vuto limodzi: injini ilibe mimba. Chinthu sichingosowa. Oyilo akachepa ndiye kuti watuluka, ndipo njira zotulukira zilipo ziwiri basi. Mwina wadontha pansi, kapena walowa muja mumayaka petulo n'kupsera limodzi. Ntchito ya makaniko wabwino ndi kudziwa njira yake asanagwire sipanala, ndipo zomwe akugwiritsa ntchito ndi zomwezi mumaphunzira mu Fomu 3.

Tigwirizane kaye mawu. Pa Chichewa petulo timati mafuta, oyilo timatinso mafuta. Pano ndikati oyilo ndikunena uja wa m'botolo lolembedwa 20W-50, wofewetsa zitsulo. Njinga zambiri za kabaza, za 125 kapena 150 cc, zimanyamula pafupifupi lita imodzi yokha. Galimoto yaing'ono imanyamula malita atatu kapena anayi, choncho ikataya kapu imodzi siidandaula kwenikweni. Njinga ikataya kapu imodzi yataya gawo limodzi mwa magawo anayi.

Choyamba ndi kuyeza, ndipo apa ndi pomwe anthu ambiri amadumpha. Imikani njinga mowongoka pamalo osapendekeka, injini itazimitsidwa kwa mphindi zingapo kuti oyilo abwerere pansi. Onani mulingo pa kamtengo koyezera, mulembenso makilomita omwe ali pa mita. Pakapita masiku yezaninso pamalo omwewo, mwanjira yomweyo, ndipo pothira oyilo wobwezeretsa mulingo mugwiritse jekeseni wopanda singano kapena kapu yokhala ndi manambala. Mukatero muli ndi nambala yeniyeni: mamililita mwakuti pa makilomita mwakuti. Njinga yoyezedwa itatsamira pa kamwendo ka m'mbali imanama.

Kudontha n'kosavuta kupeza. Tsukani injini, iume, muiyendetse, kenako igone pamwamba pa katoni. M'mawa katoniyo akuuzani. M'misewu yathu ya fumbi muli mboni inanso, chifukwa pomwe pakutuluka oyilo fumbi limamatirira n'kupanga chitope chakuda, kawirikawiri pa bawuti yotulutsira oyilo, pa gasiketi, kapena pafupi ndi kagiya kakang'ono koyendetsa tcheni. Musapeputse dontho. Dontho limodzi ndi pafupifupi 0.05 ml. Likamagwa kamodzi pa mphindi, pa ola ndi 3 ml, pa tsiku la maola 10 ndi 30 ml, pa mwezi ndi 900 ml. Lita ija yatsala pang'ono kutha.

Tsopano tinene kuti katoni wauma mbee koma oyilo akutsikabe. Ndiye kuti akupsa, ndipo apa ndi pomwe nkhani ikukoma.

Injini ya njinga izi imayenda mwa masitepe anayi, mtundu womwe Nikolaus Otto anaukonza ku Germany mu 1876. Pisitoni imatsika kukoka mpweya ndi petulo, imakwera kuzipanikiza, pulagi imayatsa moto womwe umaikankhira pansi, kenako imakweranso kutulutsa utsi. Oyilo amakhala pansi pa pisitoni komanso pamwamba, pomwe pali zoyendetsa mavalavu. Chipinda choyakira moto chili pakati. Zipata zomwe zikumutchinga oyilo ndi ziwiri: maring'i ozungulira pisitoni, ndi timphira ting'onoting'ono tovala pa tsinde la valavu.

Oyilo akapsa amatulutsa utsi wabuluu wotuwirako, wonunkha mwakemwake. Utsi wakuda ndi nkhani ina, petulo wachuluka kuposa mpweya. Utsi woyera wa m'mawa mu Juni kapena Julayi, womwe umatha injini ikatentha, ndi nthunzi chabe, poti petulo akapsa amapanganso madzi. Komanso mukaona Yamaha DT 125, ija ankayendera alangizi ambiri, ikufuka buluu musathamangire kuiweruza. Imeneyo ndi injini ya masitepe awiri, imapsereza oyilo mwadala, chimodzimodzi makina ochekera matabwa.

Funso lenileni si mtundu wa utsi wokha, koma nthawi yomwe ukutuluka. Kumbukirani lamulo lija la pressure: madzi kapena mpweya zimachoka pomwe pressure ndi yaikulu kupita pomwe ndi yochepa. Ganizirani njinga ikutsika mtunda wa Ku Chawe kulowera mu Zomba, ili m'giya, woyendetsa wasiya moto. Khomo la mpweya mu kabureta latsala pang'ono kutsekeka, koma pisitoni ikutsikabe n'kumakoka. Zili ngati kukoka jekeseni mutatseka kukamwa kwake ndi chala. Pressure pafupi ndi valavu imatsika kwambiri kuposa ya mpweya wa kunja, yomwe kunyanja yamchere ndi pafupifupi 101 kPa, kuno kumtunda yocheperako pang'ono. Kamphira ka pa valavu kakauma n'kung'aluka, oyilo wa pamwamba amakankhidwira mkati kudzera pampatapo. Woyendetsa akangowonjezera moto pansi pa mtunda, utsi wabuluu fuu, kenako n'kutha. Timphira tomweti timaululikanso m'mawa: usiku oyilo amatsetsereka ndi tsinde la valavu, ndiye injini ikangolira imafuka kanthawi kochepa n'kusiya.

Maring'i akatha, khalidwe lake ndi lina. Utsi umachuluka pomwe injini ikugwira ntchito yolemera, pokwera mtunda, kapena itanyamula anthu awiri ndi thumba la chimanga, ndipo sukutha ngakhale injini itenthe. Ring'i ya pansi ntchito yake ndi kupala oyilo pa khoma la silinda. Ikafooka imasiya wambiri, moto n'kumupsereza. Maring'i a pamwamba akafooka, mpweya wotentha umadutsa m'mbali mwa pisitoni kupita pansi, pressure ya pansipo imakwera, ndipo imakankhira oyilo mu kapaipi kopumira kopita ku bokosi la fyuluta. Mukatsegula bokosilo n'kupeza oyilo, ganizirani maring'i. Koma onani kaye ngati mwini njinga sanathire modutsa mulingo, chifukwa zimenezonso zimabweretsa chizindikiro chomwecho, ndipo mankhwala ake ndi aulere.

Makaniko yemwe ali ndi geji yoyezera kupanikiza amatha kutsimikiza mwa njira yomwe ine ndimaikonda kwambiri, chifukwa ndi experiment yeniyeni, yosintha chinthu chimodzi chokha. Amachotsa pulagi, amamanga geji, amatsegula moto wonse n'kupalasa kiki kangapo, n'kulemba nambala. Kenako amathira kasupuni ka oyilo pa bowo la pulagi n'kuyezanso. Nambala ikakwera kwambiri, oyilo uja watseka mipata ya m'mbali mwa pisitoni kwa kanthawi, ndiye kuti vuto ndi maring'i kapena khoma la silinda. Ikakhala yotsika chimodzimodzi, mpweya ukuthawira kwina, ku mavalavu kapena ku gasiketi ya pamwamba. Pulagi yomwe wachotsayo ayiyang'anenso: yonyowa, yakuda, yonona, ikuchitira umboni kuti oyilo akufika pamoto.

Chomwe chimadya maring'i kuno kwathu makamaka ndi fumbi. Timchenga ta m'fumbi n'tolimba kuposa chitsulo cha khoma la silinda, ndiye njinga yoyenda ndi fyuluta yong'ambika m'misewu ya kumidzi mu Okutobala ikudzipala yokha ngati sandipepa. Kutentha kumawonjezera. Injini izi zimazizira ndi mphepo, ndipo oyilo akatentha amapyapyala, viscosity yake imatsika, monga mafuta ophikira amachitira m'chiwaya. Oyilo akachepa kwambiri friction imakwera, kutentha kumakweranso, ndipo pisitoni, poti ndi ya aluminiyamu, imafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo choizungulira. Mpata wa pakati pawo n'ngochepa kuposa tsitsi limodzi. Ukatha, pisitoni imagwira. Akabaza amati injini yanoka, ndipo kwa munthu woti madzulo aliwonse akapereke ndalama kwa mwini njinga, amenewo ndi masabata opanda chogulira ufa. Timphira ta mavalavu n'totsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi pisitoni, maring'i ndi silinda, choncho kusiyanitsa ziwirizi musanagule kanthu ndi ndalama ndithu.

Nayi samu yoti muyese. Njinga yataya 300 ml pa makilomita 1,000, ikuyenda makilomita 40 pa ola, injini ikuzungulira ka 5,000 pa mphindi. Kumbukirani kuti moto umayaka kamodzi pa kuzungulira kuwiri. Pezani oyilo yemwe akupsa pa kuyaka kumodzi, ndiponso dontho limodzi likugawidwa pa kuyaka kungati. Ine ndapeza 625. Amene mukufuna kukaonera utsi pa njinga ya achimwene kapena amalume, pemphani kaye, muchitire panja osati m'nyumba, ndipo ekizozi musaikhudze.