Inki ya M'botolo ndi Zithunzi Zathu

Aliyense amene anafikako ku Nkolimbo pa tsiku la Umhlangano, pamene Angoni a kwa Gomani amasonkhana ndi zishango ndi nthenga zawo kuvina ngoma, kapena amene anakhalapo pa ukwati ku Nsipe ngakhale pa chinkhoswe ku Lizulu, anamuona ndithu mnyamata uja woyenda ndi kamera m'khosi, amene amakujambula m'mawa, nabwerera dzuwa lisanapendeke ali ndi chithunzi chako m'manja kudzalandira zake. Timanenabe kuti chithunzi achitsuka, mawu amene anatisiyira ojambula akale, iwo amene ankaviikadi mapepala m'mankhwala m'chipinda cha mdima. Koma lero ojambula ambiri amangogwiritsa ntchito makina otchedwa pulinta, amene amalavulira timadontho ta inki papepala kufikira nkhope ya munthu itaoneka.

M'kati mwa makinawo muli timabokosi ta inki, tomwe m'masitolo amatitchula kuti cartridge, ndipo kawirikawiri inkiyo ndi ya mitundu inayi yokha: yakuda, yachikasu, yamtambo ndi yofiirira. Mitundu ina yonse imabadwa mwa inayiyi, pakuti dontho lachikasu likagwa pamodzi ndi lamtambo diso limaona kubiriwira kwa chimanga, ndipo likagwa ndi lofiirira diso limaona kufiira kwa katondo. Inki imatulukira m'timabowo tambirimbiri, tochepa kuposa tsitsi la munthu. M'makina a Canon ndi HP, kuseri kwa kabowo kalikonse kuli kachitsulo kamene magetsi amakatenthetsa m'kamphindi, inki niwira, nichita thovu, thovulo nilikankhira dontho kunja, ndipo zimenezi zimachitika nthawi zikwizikwi pa sekondi imodzi. Nzeruyi anaitulukira ku Canon, m'dziko la Japan, m'chaka cha 1977, ataona inki ikutumphuka m'jakisoni amene anakhudzana ndi chitsulo chamoto. Ndipo HP, imene inkafufuza payokha, inatulutsa pulinta yotere mu 1984. Makina a Epson alibe moto: ali ndi kamwala kamene kamapindika magetsi akakadutsa, nikafinya inki.

Tsono kabokosi katsopano n'kodula, ndipo zithunzi zimamwa inki koposa makalata, chifukwa pepala lonse limapakidwa popanda malo otsala. Ndicho chake ojambula ambiri amagula inki ya m'mabotolo, yopangidwa ndi makampani ena, nathira m'kabokosi komwe kaja. Amamatula kapepala kapamwamba, napeza timabowo, ndipo pansi pa timabowoto pali siponji imene imasunga inki kuti isadonthe yokha. Amatunga inki ndi jakisoni, nalowetsa singano m'siponjiyo, nakankha pang'onopang'ono, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Wothira mwaphuma amasefukiza, mitundu nisakanizikana, ndipo diresi loyera la mkwatibwi limatuluka lobiriwira ngati ndere, chinthu chimene apongozi sangachiseke konse. Mtundu uliwonse ukhale ndi jakisoni wakewake. Akatha, amatsamiritsa kabokosi pa kapepala kofewa, ndipo mizere ya mitundu yonse ikaoneka bwino, ntchito yatheka.

Chachikulu chimene ambiri amachiphonya ndi ichi, kuti kabokosi kathiridwe kasanaume. Inki yomwe ija ndiyo imaziziritsa tizitsulo totentha tija, monga madzi atetezera mphika pamoto, kotero kuti amene aumiriza makina kulemba inki itatha amapsereza tizitsuloto, ndipo tikapsa tapsa; ngakhale athire inki yabwino chotani, chithunzi chidzatuluka ndi mizere yoyera. Palinso kachipangizo pa kabokosi kamene kamawerengera inki imene yatuluka. Iko sikaona m'kati, n'chifukwa chake makina amanenabe kuti inki yatha ngakhale mwathira kumene, ndipo pamenepo mwini ntchito ayenera kudziwerengera yekha zithunzi zimene watulutsa.

Inki nayo ili pawiri. Ina, yotchedwa dye, utoto wake umasungunuka m'madzi monga shuga mu tiyi. Imawala bwino papepala lonyezimira ndipo ndi yotsika mtengo, koma dzuwa limaidya, kotero kuti chithunzi chopachikidwa poyera pafupi ndi windo chimayamba kutuwa. Inayo, yotchedwa pigment, utoto wake ndi timibulu tosasungunuka, toyandama ngati ufa m'madzi, ndipo imapirira dzuwa ndi chinyezi zaka zambiri. Ziwirizi siziyenera kuthiridwa m'kabokosi kamodzi, pakuti zikhoza kuundana ndi kutseka timabowo tija. Ndiponso inki yopangira makina otenthetsa si imodzi ndi ya makina ofinya. Safunsa anadya phula: wogula atchule dzina ndi nambala ya pulinta yake kwa wogulitsa, podziwanso kuti opanga makina sakonza mwaulere chimene chaonongeka ndi inki ya makampani ena. Ine sindiona cholakwa pa inki ya m'botolo, pakuti ndiyo yachititsa kuti chithunzi chifike pa mtengo umene mlimi wa mbatata ku Tsangano angathe kulipira; chimene ndikana ndi kugula botolo lopanda dzina chifukwa chongotsika mtengo.

Opanga makina nawo anaona kumene anthu alowera, ndipo mu 2010 Epson inayamba kugulitsa ku Indonesia makina okhala ndi timatanki pambali, tothiramo inki kuchokera m'botolo popanda jakisoni. Ena mwa makina otere, monga L805, ali ndi mitundu isanu ndi umodzi, kuti khungu la munthu ndi thambo zioneke zosalala. Koma onsewa adani awo ndi awiri, ndiwo fumbi ndi kuuma: m'nyengo ya Okutobala afunditseni nsalu, muwazimitse ndi batani lake kuti timabowo titsekedwe, ndipo sabata isathe osatulutsa ngakhale pepala limodzi.

Inu amene simujambula koma mumajambulitsa, mukalandira chithunzi cha ukwati wa mwana wanu, funsani inki imene yagwiritsidwa ntchito, musachigwire ndi manja onyowa, ndipo muchiike m'galasi kapena m'buku la zithunzi, kutali ndi dzuwa ndi utsi wa kukhitchini.