ZA MALUWA A M'NYUMBA OSABVUTA KUSUNGA

Mau awa tilembera inu okhala ku Area 36, kumwera kwa mzinda wa Lilongwe, ndi anzanu a ku Kawale, Biwi, Chinsapo, Area 23, Area 25 ndi Mgona. Ambiri a inu munabadwira kumudzi, ndipo khasu mulidziwa bwino. Koma kuyambira caka ca 1975, pamene boma linasamukira kuno kucokera ku Zomba, anthu acuruka kotero kuti banja lonse likhala m'zipinda ziwiri za lendi, pakhomo popanda ndime ngakhale imodzi, ndipo ambiri madzi agula pa mpopi nasenza pamutu. Tsono mai wina, pofuna kuti m'nyumba mwace muoneke kanthu kobiriwira, agula duwa lokongola m'mbali mwa mseu, naliika pa thebulo, nalithirira m'mawa ndi madzulo monga acitira ndi mpiru wa kudimba. Isanathe miyezi iwiri duwa lija lafa, ndalama zapita, ndipo iye anena, Ine ndiri ndi dzanja loipa. Dzanja liribe mlandu. Analakwa posankha mbeu, nalakwanso pothirira.

Sankhani mbeu yodziwa ludzu

Mudziwa kuti kuno mvula iyamba m'November kapena m'December nileka m'April, ndipo theka la caka dziko likhala louma. Pali zomera zimene zinazolowera moyo wotere, zosunga madzi m'masamba mwao kapena m'mizu monga munthu asunga cimanga m'nkhokwe. Izi ndizo zoyenera nyumba ya munthu wotanganidwa. Ndipo taonani, zambiri za izo, zimene Azungu agula ndi ndalama zambiri m'masitolo a ku London ndi Amsterdam, kwao nkuno ku Africa.

Yambani ndi cija ca masamba olimba oimirira ngati malupanga, conga khonje wamng'ono, cimene ogulitsa acicha snake plant cifukwa ca mawanga ace. Ophunzira za zomera anacicha Sansevieria zaka zambiri, ndipo mu 2017 anaciika m'banja la Dracaena. Koma ogulitsa akali kuchula dzina lakale. Mtundu wa m'miphika unacokera ku Africa wa kumadzulo, ndipo abale ace amera okha m'dziko lathu lino, pa miyala ndi pa zulu. Anthu akale ankapota luzi lace kukhala zingwe ndi nsinga za uta. Cipirira mdima wa m'cipinda, cipiriranso kutentha kwa malata m'October, ndipo mukaciiwala mwezi wathunthu simudzacipeza citafa. Ngati muli ndi malo a mphika umodzi wokha, bzalani ici.

Cinzace ndico Zamioculcas, cimene ambiri acidula dzina nati ZZ. Masamba ace anyezimira ngati apakidwa mafuta, kotero kuti mlendo afuna kuwakhudza kuti aone ngati si a pulasitiki. Cimera cokha m'nkhalango za Kenya, Tanzania, Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe kufikira ku KwaZulu-Natal. Koma amene anayamba kucicurukitsa ndi kucigulitsa ku maiko onse ndiwo alimi a ku Holland, ca m'ma 1996. Pansi pa dothi ciri ndi zibulu zonga mbatata ya kacewere, momwe musungidwa madzi. Cilala cikakula ciyoyola masamba nicikhala ngati cafa, koma musacitaye, pakuti cikalandira madzi ciphukanso. Colakwa cace ncimodzi: cikula pang'onopang'ono, ndipo mtengo wace pa msika uposa wa zinzace.

Spider plant, wa masamba onga udzu okhala ndi mzere woyera, ndi wa ku Africa nayenso. Afuna madzi kuposa ziwiri zija, koma abala tiana tolendewera tambiri togawira anansi. Money plant, woyanga monga cilazi, anacokera ku cisumbu ca Mo'orea m'nyanja ya Pacific, ndipo amera ngakhale m'botolo la madzi okha. Dzina lace lisakunyengeni. Sanalemeretse munthu ndi kale lonse. Aloe vera ndi wolimba ndithu, koma akonda kuwala, ndipo m'cipinda ca mdima atuwa nalefuka. Malo ace ndi pakhonde.

African violet, amene Baron Walter von Saint Paul-Illaire anampeza m'mapiri a Usambara ku Tanzania mu 1892, ndi wokongola, koma ndi mwana wolera ndi manja awiri. Iye pamodzi ndi ma fern ndi ma rose asiyeni kufikira mutazolowera.

Za mphika ndi dothi

Musataye ndalama pa mphika. Mtsuko wong'ambika, ndowa yobooka, cigubu ca mafuta ophikira codula pakati ndi kutsuka bwino, zonsezi zigwira nchito. Mphika wadothi uposa zonse, cifukwa upuma, ndipo dothi liuma msanga m'menemo. Cigubu ca pulasitiki cisunga cinyezi masiku ambiri, cotero cithiriridwe kamodzikamodzi. Koma ciri conse mungasankhe, cikhale ndi mabowo pansi, anai kapena asanu, oboola ndi msomali wotentha. Mphika wopanda bowo ndiwo manda a duwa. Pa bowo lalikuru ikani phale limodzi kuti dothi lisaturuke. Kuyala miyala yambiri pansi, monga ambiri acitira, sikuthandiza madzi kutsika, kungocepsa malo a mizu. Ndipo musabzale kambeu kakang'ono m'cimphika cacikuru, pakuti dothi lopanda mizu likhala lonyowa nthawi yaitali.

Katondo wofiira wa kuno ndi wabwino ku munda wa cimanga, koma m'mphika agwirana nalimba ngati njerwa. Makande a kudambo aipa koposa. Tengani mbale ziwiri za dothi lakuda la pansi pa mtengo pamene masamba aolera, mbale imodzi ya mcenga wokhakhala wa kumtsinje, ndi mbale imodzi ya manyowa oola bwino, osanunkhanso. Kwa snake plant, ZZ ndi aloe onjezani mbale inanso ya mcenga. Zinyenyeswa za makala zotsala pansi pa thumba musazitaye. Sakanizani dzanja limodzi m'dothimo, zithandiza kuti likhale lofewa. Zitosi za nkhuku zaziwisi ziocha mizu, ndipo feteleza wa cimanga m'mphika ndi woopsya, pakuti mcere wace ulibe kothawira. Kadzanja ka manyowa pamwamba, kamodzi pa caka poyamba dzinja, kakwanira.

Kuthirira

Pano mverani bwino, pakuti apa ndi pamene maluwa ambiri afera. Mizu ipuma mpweya monga inu. M'dothi muli timipata tating'ono, ndipo mukathira madzi tsiku ndi tsiku timipatato tidzala, mpweya usowa, mizu ibvunda. Mizu yobvunda singathe kumwa. Cifukwa cace duwa lifota lingakhale liri m'matope. Mwini wace poona kufotako ati liri ndi ludzu, naonjeza madzi, nalitsiriza yekha. Ku dimba sikutero cifukwa dzuwa ndi mphepo ziumitsa nthaka tsiku lomwelo, koma m'cipinda mulibe dzuwa, mulibenso mphepo.

Tsono musawerenge masiku, koma funsani dothi. Lowetsani cala kufikira mfundo yaciwiri. Cikaturuka cozizira, dothi litakangamira, lekani, mubwerenso mkuja. Cikaturuka couma, thirani madzi ambiri kufikira aturukire pansi, ndipo mudikire kuti liumenso. Kwa snake plant ndi ZZ gwiritsani kamtengo kofika pansi pa mphika, ndipo musathire kufikira katuruke kouma konse. Mudzaona kuti m'cilimwe, mwezi wa October, izi zifuna madzi monga kamodzi pa masabata awiri, ndipo m'cisanu ca June ndi July, pamene zomera zipumula, kamodzi pa mwezi nkokwanira. Werengani nokha: cidebe cimodzi cogula pa mpopi cingasunge miphika itatu yotere kwa masabata ambiri.

Duwa lidzakuuzani lokha cimene libvutika naco. Masamba acikasu ofewa, ndi tsinde lonunkha pansi, ndiwo madzi ocuruka. Masamba okwinyika, ndi dothi lolekana ndi mphika m'mbali, ndilo ludzu. Ludzu licira tsiku limodzi. Kubvunda sikucira msanga. Mukaona kubvunda zulani mbeu yonse, dulani mizu yakuda yofewa ndi mpeni woyera, iumike pamthunzi masiku awiri, nimuibzale m'dothi latsopano louma, osathira madzi sabata lathunthu.

Madzi a mvula aposa onse. Chingirani ndowa pansi pa malata m'dzinja. Madzi otsukira mpunga kapena ndiwo zamasamba ndi abwino. Madzi ocapira zobvala ndi sopo waufa, ndi madzi a mcere, musathire konse. Ndipo mbale imene muika pansi pa mphika muikhuthule mutatha kuthirira, pakuti udzudzu uikira mazira m'madzi oima, ndipo nyengo yotentha dzira lisanduka udzudzu wouluka m'masiku osapitirira 10. Botolo la money plant lisinthidwe madzi kawiri pa sabata pa cifukwa comweco.

Za kuwala ndi tizirombo tinene mwacidule. Pamene mungathe kuwerenga kalata masana osayatsa nyali, pamenepo duwa lingakhale. Ngati cipinda canu ciri ndi kazenera kamodzi kochinga ndi nsaru, turutsani mphika pakhonde pamthunzi masiku angapo mwezi uli wonse. Koma musauike pa dzuwa la masana mwadzidzidzi, masamba angapsye. Pfumbi la m'August ndi September lipukuteni ndi kansaru konyowa. Mukaona tizirombo toyera tonga thonje m'mphanda za masamba, kapena nyerere zikukwera ndi kutsika, tsukani ndi madzi osungunulamo kasopo kamtanda pang'ono, kamodzi pa sabata kufikira titatha. Mankhwala ophera anankafumbwe kapena opopera fodya asalowe m'cipinda cogona ana cifukwa ca duwa. Mphika wa pakhonde ukhale pa njerwa ziwiri, kuopa ciswe.

Kupeza mbeu kopanda ndalama

Zomera zonsezi zibalana mosabvuta, cotero sikufunika kugula. Pitani kwa mnansi amene mphika wace wadzala, nimunene, Zikomo amai, mundigawireko kamphukira. Snake plant agawidwa ndi mpeni pa muzu wokwawa pansi. Tsamba lace lomwe, lodulidwa zidutswa za utali wa cala, limera, mukalola bala liume masiku awiri ndi kuzika mbali ya kunsi pansi, osatembenuza. Koma dziwani kuti wa m'mphepete mwacikasu ataya cikasuco akamera ku tsamba. Wotereyo mumgawe pa muzu. Money plant dulani pansi pa mfundo. Ndipo inunso mphika ukadzala gawirani ena, pakuti akuru anati kupatsa nkuika: lanu likafa mudzakatenga mbeu komweko. Musakakumbe zomera ku Dzalanyama, nkhalango imene mtsinje wa Lilongwe ucokera. Yabvutika kale ndi makala. Zotsala za money plant musataye ku mtsinje, pakuti namasupuni amene atseka mtsinje wa Shire anafalikira m'maiko ambiri kucokera ku South America ngati duwa lokongoletsa.

Cenjerani cifukwa ca ana

Mbeu zambiri zolimba zidziteteza ndi ululu. Dieffenbachia, wa masamba akuru a mawanga oyera, amene aoneka m'makonde ambiri, ali ndi timinga tosaoneka ndi maso m'madzi ace; mwana akatafuna, m'kamwa muyaka moto, lilime ndi pakhosi zitupa. Nyumba yokhala ndi mwana wokwawa isasunge ameneyu. Money plant ndi ZZ ali ndi timinga tomweto, ndipo snake plant adwalitsa m'mimba. Aikeni pamwamba posafika dzanja la mwana. Nkhadze muidziwa: mkaka wace ukalowa m'diso ungacititse khungu, ndipo cimodzimodzi abale ace onse oturutsa mkaka woyera, monga kaduwa kofiira kaminga kochedwa crown of thorns. Zikacitika, tsukani diso ndi madzi oyera ambiri kwa mphindi 20; wotafuna mumpukute m'kamwa, mumcukucitse, osamsanzitsa. Mukaona kutupa kapena kubanika, thamangani ku cipatala ca pafupi, kapena ku Bwaila kapena ku Kamuzu Central, mutanyamula tsamba la mbeuyo kuti adokotala aone.

Palinso mbiri yoyenda pa Facebook ndi WhatsApp yakuti snake plant ayeretsa mpweya m'nyumba. Mbiriyi inacokera ku mayeso a NASA a mu 1989, amene anacitidwa m'timabokosi totseka ndithu. Mu 2019 ophunzira a ku Drexel University ku America anawerenganso mayeso otere, napeza kuti pafunika miphika 10 kufikira 1,000 pa malo a mita imodzi m'litali ndi m'lifupi kuti ilingane ndi mpweya wolowa ndi kuturuka wokha m'nyumba. Tinena izi cifukwa ca mbaula. Makala oyaka aturutsa mpweya wakupha, wopanda pfungo, wochedwa carbon monoxide, ndipo palibe duwa loucotsa. Usiku wa cisanu musagone ndi mbaula m'cipinda cotseka, mungakhale muli ndi miphika khumi. Koma duwa lokha m'cipinda cogona musaliope. Mpweya umene lipuma usiku ngwocepa kuposa wa mphaka.

Mukaitanidwa kumudzi kukakolola m'May, kapena ku maliro, thirani miphika bwino dzulo lace, khuthulani mbale za pansi, isunthireni kutali ndi zenera la dzuwa, nimupite. Snake plant ndi ZZ mudzazipeza ziri moyo patapita mwezi. Spider plant ndi botolo la money plant musiyire mnansi, ndipo mumuonetse kayesedwe ka cala musanampatse cikho.