Kuphunzitsa Ana Aang'ono za Paska wa Ayuda

Mwana wa zaka zinayi samva phunziro ndi makutu okha. Amafuna kugwira ndi kulawa. Ayuda adazindikira zimenezi kalekale. Pa chakudya cha usiku wa Paska, chotchedwa Seder, mwana wamng'ono pa onse ndiye amafunsa mafunso anayi, ndipo akulu amayankha pofotokoza m'mene Mulungu adatulutsira Aisraele mu ukapolo ku Ejipito (Eksodo 12).

Mphunzitsi wa sukulu ya mkaka angatsate njira yomweyi. Ana akande ufa wa tirigu ndi madzi, osathira yisiti, mphunzitsi awotche pachiwaya. Akafunsa chifukwa chake mkatewo sunafufume, awauze kuti Aisraele adanyamuka mofulumira, nthawi yodikira panalibe. Kenaka ana aviike masamba m'madzi amchere ndi kulawa, pokumbukira misozi ya akapolo. Pomaliza mphunzitsi abise chidutswa cha mkate chokulunga m'kansalu kuti ana achifunefune, monga amachitira anzawo achiyuda.

Ana auzidwenso kuti chikondwererochi ndi cha Ayuda, ndipo amachichita mpaka lero. Yesu, Maria ndi apostoli anali Ayuda. M'chikalata cha Nostra Aetate cha 1965, Mpingo udaletsa kuloza Ayuda onse chala pa imfa ya Yesu. Chidani chotere mwana amachitola pakamwa pa akulu.

Mgonero womaliza unali chakudya cha Paska (Luka 22). Mwana amene wakandapo mkate wosafufumitsa adzauzindikira wansembe akaukweza pa Misa ya Lachinayi Loyera.