Kulipira Kapena Kutaya Makhadi? Mafunso ndi Mayankho pa Poker ya Ndalama

Kodi poker ya ndalama ikusiyana bwanji ndi ya mpikisano?

Pa mpikisano mumalipira kamodzi polowa, ndipo ma chips akakutherani mwatuluka. Pa poker ya ndalama chip iliyonse ndi ndalama zenizeni, ndipo mutha kudzuka nthawi iliyonse. M'makasino a ku Las Vegas matebulo ang'onoang'ono a Texas Hold'em amayambira pa $1 ndi $2. Mungataye zokhazo zimene mwaika patebulo. Kupisa m'thumba masewera ali pakati n'koletsedwa.

Khadi lomaliza lagwa, mnzanga wabetcha zambiri. Ndiyambire pati?

Yambani ndi mtengo. Tinene kuti pakati pali $120, iye waponyapo $120 ina. Mukalipira $120 mukulimbirana $240. Kuti kulipirako kukhale kwanzeru, muyenera kupambana kamodzi pa katatu kalikonse. Funso loti "kodi ndamuposa?" lilibe yankho, chifukwa makhadi ake simukuwaona. Funso lothandiza ndi ili: munthu ameneyu akabetcha chonchi katatu, kodi kamodzi amakhala akungoopseza?

Apa mpamene maso amagwira ntchito. Muli ndi A ndi K, patebulo pali K wina, ndipo khadi lomaliza ndi lachitatu la mitima, moti mnzanu atha kukhala ndi mitima isanu n'kukuposani. Ngati wabetchayo ndi mkulu amene wakhala phee usiku wonse, kungolipira pang'onopang'ono, ndiye mwadzidzidzi wakankha mulu wonse, tayani makhadi. Anthu otere kawirikawiri sanamiza ndi ndalama zambiri. Akakhala mnyamata amene mwamuona kale akugwidwa alibe kanthu, lipirani.

Nanga ndalama zimene ndaika kale?

Sizilinso zanu. Zinachoka m'manja mwanu pamene munazikankhira pakati. Ambiri amaluza $200 pofuna kupulumutsa $50, ndipo ine ndimaona kuti cholakwa ichi chimasaukitsa anthu kuposa makhadi oipa.

Ndili ndi mitima inayi, kwatsala khadi limodzi. Ndidikire?

Werengani. Makhadi ndi 52, a mitima ndi 13. Inayi mukuiona, yatsala 9 mwa makhadi 46 amene simunawaone, kutanthauza pafupifupi kamodzi pa kasanu. Pakati pakakhala $100 mnzanu n'kubetcha $50, mukufunika kupambana kamodzi pa kanayi. Mtengowo wakwera. Lipirani pokhapokha ngati ali ndi ndalama zambiri patebulo ndipo ndi wosadziwa kutaya makhadi, moti mtima wachisanu ukagwa adzakulipirani.

Kodi nkhope ya munthu imaulula?

Pang'ono chabe. Mike Caro, amene analemba buku lodziwika pa nkhaniyi, anaphunzitsa kuti wodzionetsa ngati wofooka nthawi zambiri amakhala ndi makhadi amphamvu. Manja onjenjemera poponya ma chips nawonso kawirikawiri amasonyeza chisangalalo, osati mantha. Komabe kabetchedwe ka munthu kuyambira pachiyambi kamanena zoona kuposa nkhope yake.

Ndingaganize nthawi yaitali bwanji?

Pa mulu waukulu mphindi imodzi kapena ziwiri palibe amene angadandaule. Mukachedwa kwambiri, wosewera mnzanu atha kuitanitsa woyang'anira, yemwe amakupatsani kanthawi kochepa. Kakatha, makhadi anu afa. Samalaninso pakamwa: mukangonena kuti "call", kutanthauza kuti mukulipira, mawuwo akumangani, simungabweze.

Bwanji ngati mtima ukugunda moti sindikutha kuwerenga?

Ndiye kuti ndalama zimene zili patsogolo panu n'zambiri kuposa zimene mungathe kutaya. Mwina ndi za lendi, mwina ndi fizi ya mwana. Imeneyi ndi juga, ndipo munthu wamantha amataya makhadi abwino n'kulipira ndi oipa. Malizani kusewera makhadi amene muli nawo, sinthani ma chips anu, pitani kunyumba.