Phunziro la Umoyo: Za Mphumu Yokhalitsa mwa Akazi

Awerengi athu a ku Likangala, ndi inu nonse okhala m'tsinde mwa phiri la Zomba, mwezi uno tiphunzire pamodzi za nthenda ya mphumu, makamaka chifukwa chake ikakamira akazi ndi kukana kuchoka. Nthendayi siili yaing'ono ayi. Bungwe la WHO linawerenga kuti m'chaka cha 2019 anthu 262 miliyoni anali nayo pa dziko lonse lapansi, ndipo 455,000 anafa nayo. Ochuluka a akufawo anali a m'maiko osauka, kumene odwala ambiri sapeza mankhwala oyenera.

1. Kodi mphumu nchiyani?

M'mapapo mwa munthu muli tinjira ta mpweya togawikana ngati nthambi za mtengo. Mwa munthu wa mphumu tinjirato tikhala totupa m'kati, ngakhale masiku amene iye ayesa kuti ali bwino. Tsono chikafika chinthu chotiputa, monga utsi, fumbi kapena mphepo yozizira, tifinyika ndi kudzala makhololo. Pomwepo munthu abanika, ndipo m'chifuwa mwake mulira ngati kamwana ka mphaka, makamaka usiku ndi m'bandakucha. Nthendayi siipatsirana pa kudyera mbale imodzi kapena pa kugona nyumba imodzi, koma itha kuyenda m'mtundu. Isiyananso ndi chifuwa chachikulu cha TB. Chifukwa chake wotsokomola masabata awiri, woonda, wotuluka thukuta usiku kapena wolavula magazi, apite akayezetse makhololo, asangoti ndi mphumu.

2. Nanga akazi iwasautsa koposa chifukwa ninji?

Pa ubwana anyamata ndiwo adwala mphumu koposa asungwana. Koma ana akatha msinkhu zinthu zitembenuka: anyamata ambiri iwaleka, ndipo mwa akulu odwala ochuluka ndiwo akazi. Mphumu yoyamba munthu atakula kale siifulumira kutha monga ija ya pa ubwana. Madotolo aona kuti kusintha kwa m'thupi la mkazi kuli nayo mbali, pakuti akazi ena abanika koposa masiku oyandikira kumwezi, ndipo ena nthendayi iwayamba pa msinkhu wosiya kusamba. Izi sitingathe kuzisintha. Koma zilipo zina zimene ziikuza nthenda, ndipo zambiri za izo zili m'manja mwathu.

3. Zinthu zoikuza nthenda

Choyamba ndicho utsi wa pamoto. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti m'dziko muno nyumba zoposa 9 mwa 10 zinali kuphikira nkhuni kapena makala. Ndipo ndani awerama pa mafuwa m'mawa, masana ndi madzulo? Ndiye mayi. M'nyengo ya chiperoni, m'miyezi ya Juni ndi Julayi, tilowetsa mbaula m'nyumba ndi kutseka chitseko, nkhuni nazo zikhala zanyontho, ndipo utsi uchuluka. Tiyeni tiphikire pabwalo kapena pa khitchini ya mazenera, ndi nkhuni zouma. Mbaula ya chitetezo ichepetsa nkhuni, koma tisayese kuti iyo yokha ikwanira. Ofufuza anayesa mbaula za utsi wochepa pakati pa ana oposa 10,000 ku Chikwawa ndi ku Karonga, ndipo m'chaka cha 2017 anasindikiza kuti chibayo cha ana sichinachepe. Tiphunzirapo kuti utsi uli nazo njira zambiri zofikira m'chifuwa: koloboyi, zinyalala zotenthedwa pakhomo, mankhwala ofukiza a udzudzu, ndi lupsa la osaka mbewa m'miyezi ya chilimwe.

Chachiwiri ndicho fodya. Mkazi angakhale sasuta, mwamuna wosutira m'nyumba amsutitsa mkazi wake ndi ana omwe. Fumbi la m'chigafa posankha fodya liputanso chifuwa.

Chachitatu ndicho fumbi ndi chinyontho cha m'nyumba. M'chaka cha 1964 madotolo a ku Leiden, m'dziko la Holland, anapeza kuti m'fumbi la m'nyumba mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso, abale a nkhupakupa, ndi kuti ndito tiputa mphumu mwa anthu ambiri. Tikonda malo anyontho, m'mabulangete ndi m'matiresi. Mphemvu, ndi chuku cha pa zipupa za nyumba zomangidwa pa malo achinyontho m'mbali mwa mtsinje wa Likangala, zichita chimodzimodzi. Tiyanike zofunda padzuwa kawirikawiri, ndipo tiwaze madzi pansi tisanasese. Mayi wa mphumu apewe kupeta ndi kudikira m'kati mwa chigayo, apemphe wina ampitire.

Chachinayi ndicho kunenepa kopitirira. Kwathu kuno tiyesa kunenepa chizindikiro cha kupeza bwino, koma thupi lolemera lipanikiza mapapo, ndipo mwa akazi onenepa kwambiri mphumu ikhala yaukali ndi yovuta kuigonjetsa. Kuchepako thupi pang'ono kuthandiza kupuma.

Chachisanu ndicho mankhwala ena. Mwa odwala ena, makamaka akazi okhala ndi mphuno zotsekeka masiku onse, aspirin ndi ibuprofen zidzutsa mphumu yoopsa. Propranolol, amene ena alandira chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, afinya tinjira ta mpweya. Chotero wa mphumu anene za nthenda yake kwa dotolo asanalandire mankhwala ena aliwonse, ndipo asagule mapiritsi pa msika mwa yekha.

Chachisanu ndi chimodzi ndicho kuleka mankhwala pokhala ndi pakati. Mwa amayi apakati a mphumu, ena nthenda ichepa, ena ikhala monga kale, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu iwakulira. Ambiri aleka mankhwala poopa kupweteka mwana. Kumeneko ndiko kulakwa, pakuti mwana ali m'mimba apuma ndi mpweya wa amake. Mayi akabanika, mwananso asowa mpweya. Mayi anene za mphumu yake ku sikelo tsiku loyamba.

4. Za mankhwala opopera

Mankhwala opumira m'kamwa ali a mitundu iwiri. Salbutamol, amene anayamba kugulitsidwa m'chaka cha 1969, atsegula chifuwa msanga, koma sachotsa kutupa kuja. Beclometasone, wa m'chaka cha 1972, ndiye achepetsa kutupa, ndipo ayenera kupumidwa tsiku ndi tsiku monga ananenera dotolo, ngakhale munthu ali bwino. Kuyambira 2019 bungwe la GINA, lolangiza madotolo za mphumu, lati munthu wamkulu asadalire otsegula chifuwa okhawo. Ena aopa kuti ukayamba kupopera sudzalekanso. Si tero ayi: mankhwalawa alibe chibaba, chimene chibweza munthu kwa iwo ndiyo nthenda yosasamalidwa. Popopera pafunika luso, ndipo madotolo a ku Cape Town anaonetsa m'chaka cha 1999 kuti botolo lapulasitiki la theka la lita, lobooledwa kunsi, lithandiza mankhwala kufika bwino m'mapapo. Funsani namwino akuonetseni.

5. Nthawi yothamangira ku chipatala

Wodwala akalephera kutsiriza mawu chifukwa cha befu, kapena m'kamwa mwake mukada, kapena akapopera osaona kusintha, kapena akayamba kuwodzera ndi kusokonezeka, musadikire kucha. Mnyamuleni msanga kunka naye ku chipatala chapafupi kapena ku Zomba Central Hospital, akupopera m'njira.

Ndipo inu amuna, mawu awa ali kwa inunso. Mutu umodzi susenza denga. Mkazi wobanika sali waulesi ayi. Mumboolere zenera pa khitchini, musutire kutali kapena kulekeratu, ndipo tsiku lolandira mankhwala likafika, ndalama ya ulendo ipezeke.

Mafunso okambirana pa msonkhano wa amayi

Kodi mphumu isiyana bwanji ndi TB? Pa zinthu zisanu ndi chimodzi taziwerengazi, nziti zili m'nyumba mwanu? Nanga nchiti mungathe kuchichotsa mwezi uno usanathe?