Khutba ya Jumu'ah: Chakudya Chotsala ndi Amana Imene Tidzafunsidwa

KHUTBA YOYAMBA

Timutamanda Allah, Mwini riziki, amene amatsitsa mvula nameretsa mbewu m'nthaka youma. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake ndi pa maswahaba ake.

Inu akapolo a Allah, tiyeni timuope Allah ngakhale pa zimene zimatsala m'mbale zathu. Mu Surat Al-A'raf, ndime 31, tinaloledwa kudya ndi kumwa, koma tinaletsedwa israaf, kumene kuli kupyola muyeso. Imam Muslim analandira Hadith yotiphunzitsa kutola nthongo yogwa pansi, kuichotsa zoipa ndi kuidya, pakuti sitidziwa mbali ya chakudya imene muli baraka. Nanga tidzayankha chiyani za mpunga ndi mkute zimene timakhuthulira kudzala pambuyo pa nikah, pa sadaka ndi pa futari ya Ramadhani?

Chakudya chotsala chili ndi eni ake atatu, ndipo aliyense ali ndi malire ake.

Woyamba ndi munthu. Chakudya chimene chidakali chabwino tichipereke kwa mnansi, kwa mwana wamasiye kapena kwa wapaulendo tsiku lomwelo. Mpunga wophika umene wagona pamalo otentha ukhoza kutsegula m'mimba ngakhale titautenthetsanso. Kupatsa wosauka chinthu chimene ife tachiopa si sadaka ayi.

Wachiwiri ndi chiweto. Madeya, makoko a nthochi ndi masamba otsala posadzula ndiwo ndi chakudya cha mbuzi ndi nkhuku. Zikamba za mazira, zikawiritsidwa ndi kusinjidwa, zimathandiza nkhuku kuikira mazira olimba. Koma pano tichenjere pa zinthu zitatu. Chimanga ndi mtedza zachuku zimatha kukhala ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amaononga chiwindi. Kuphika sikumuthetsa, ndipo ng'ombe kapena mbuzi ikamudya amatulukira mumkaka umene ana athu amamwa. Makoko a chinangwa chowawa nawo ali ndi poizoni, ndipo tisanapatse ziweto tiyenera kuwanyika m'madzi ndi kuwayanika padzuwa kufikira atauma gwaa. Dziko la Mozambique likudziwa ukali wa poizoniyu: m'chaka cha 1981, m'chigawo cha Nampula, anthu ambiri analumala miyendo chifukwa chodya chinangwa chowawa chosakonzedwa bwino nthawi ya chilala. Chachitatu, Shariya inaletsa nyama ndi mkaka wa jallala, chiweto chimene chazolowera kudya najisi, kufikira chitatsekeredwa ndi kudyetsedwa zoyera. Abdullah ibn Umar ankatsekera nkhuku yotere masiku atatu asanaidye. Tsono khola lisasanduke dzala.

Wachitatu ndi nthaka. Zimene munthu ndi chiweto sangadye tipangire manyowa. Tisankhe malo a mthunzi, kutali ndi chitsime. Pansi tiyale mapesi oduladula kapena udzu wouma, pamwamba pake makoko ndi masamba aawisi, kenaka ndowe, phulusa pang'ono ndi dothi. Tibwereze kuyala motero kufikira mulu utafika m'chiuno. Tiwaze madzi kuti mulu ukhale wachinyontho, koma usachite kudontha. Pakapita masiku owerengeka umatentha mkati, ndipo kutenthako ndi kumene kumapha tizilombo tambiri toyambitsa matenda pamodzi ndi njere za udzu. Tiutembenuze pakatha sabata ziwiri zilizonse kuti mpweya ulowe. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu, manyowa amada, nanunkhira ngati dothi la m'nkhalango. Nyama, nsomba ndi mafuta tisaikemo, pakuti zimaitana makoswe, agalu ndi ntchentche. Mapulasitiki, magalasi osweka ndi mabatire tizipatuliretu.

KHUTBA YACHIWIRI

Timutamanda Allah, ndipo tikumupempha kuti atsitse madalitso ndi mtendere pa Mtumiki Wake.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, limodzi mwa malamulo akuluakulu a Fiqh ndi lakuti munthu asadzipweteke ndipo asapweteke mnzake. Mulu wa manyowa umene ukununkhira pakhomo pa mnansi walakwira lamuloli. Chimodzimodzi wogulitsa mkaka wa chiweto chimene wachidyetsa zachuku akudziwa. Cholinga chabwino sichiyeretsa njira yovulaza.

Tiyambire pa mphika: tiphike molingana ndi anthu amene adye. Makomiti a misikiti ndi a madrasa akonze malo osonkhanitsira zotsala pa zochitika zathu, ndipo manyowawo apite kudimba la madrasa kapena kumunda wa mayi wamasiye amene sangathe kugula feteleza. Ntchitoyi isasiyidwire amayi okha, pakuti nafe abambo tidzafunsidwa.

E, Allah! Tidalitseni pa riziki limene mwatipatsa. Titetezeni ku israaf ndi ku umbombo. Chiritsani odwala athu, khululukirani amene anatsogola, ndipo tsitsani mvula yaubwino pa minda yathu. Amin.

Imirirani ku Swala, Allah akuchitireni chifundo.