Musawachitire zonse mayi anu

Azakhali,
Mayi anga a zaka 74 anagwa pakhonde miyezi iwiri yapitayo. Kuchipatala anati mtsempha wa magazi unaphulika m'mutu chifukwa cha BP. Dzanja ndi mwendo wakumanja n'zofooka. Ndimawadyetsa, kuwasambitsa ndi kuwaveka, koma achimwene akuti ndikuwalemaza. Ndidziwa bwanji ngati akuchira?
Wodandaula, Ndirande

Achemwali,
Achimwene anuwo alankhula mokhadzula, koma akunena zoona. Mtsempha ukaphulika, magazi amaundana n'kufinya ubongo. M'masabata otsatira magaziwo amasungunuka pang'onopang'ono, kutupa kumaphwa, ndipo mbali za ubongo zimene zinapulumuka zimayamba kuphunzira ntchito za mbali yowonongekayo. Kuphunzirako kumafuna kubwereza tsiku ndi tsiku. Dzanja limene silikugwira kapu ubongo umaliiwala, kenako limauma. Ambiri odwala matenda amenewa, otchedwa sitiroko, amachira kwambiri m'miyezi itatu yoyambirira, n'kumapitiriza pang'onopang'ono mpaka miyezi isanu ndi umodzi ngakhale kupyola apo. Mayi ali m'kati mwa nyengo imeneyi, choncho mbamu iliyonse imene mukuwaika m'kamwa pomwe akanadya okha ikuwabwezera m'mbuyo.

Kuchira musakuyeze ndi nkhope, kapena ndi mawu a alendo akuti "lero akuoneka bwino". Mu 1965, Florence Mahoney ndi Dorothea Barthel a ku Maryland ku America anafalitsa muyeso wotchedwa Barthel Index, umene zipatala zikugwiritsabe ntchito. Umapereka malikisi kuyambira 0 mpaka 100 pa ntchito khumi: kudya, kusamba, kudzikonza kumaso ndi m'kamwa, kuvala, kugwira mkodzo, kugwira chimbudzi, kudzithandiza kuchimbudzi, kuchoka pabedi kupita pampando, kuyenda ndi kukwera masitepe. Chimene amalemba ndi chomwe wodwala wachitadi, osati chomwe achibale akuganiza kuti angathe. Apa ndiye pali vuto lanu: ngati zonse mukuchita ndinu, ngakhale dokotala sangadziwe pamene mayi afika. Gulani kope, ndipo kamodzi pa sabata lembani pa ntchito iliyonse kuti achita okha, mwawathandiza pang'ono, kapena mwawachitira. Kwathu kuno masitepe ndi pokwerera khonde paja, ndipo chimbudzi chokumba chimafuna kunjuta, chinthu chovuta kwa mwendo wofooka. Mmisiri akhoza kukubowolerani mpando pakati kuti azikhalapo.

Mwina mukuopa kuti anthu adzati mwana ameneyu akuzunza mayi ake. Adzaterodi, makamaka akawaona akulimbana ndi bulauzi inu muli chiimire. Koma mayi amene akuvala okha, ngakhale zitatenga theka la ola, asunga ulemu wawo kuposa amene akuvekedwa ngati khanda. Ena adzati pa zaka 74 palibenso chophunzira. Ukalamba umachedwetsa kuchira, n'zoona, koma umachititsanso kugona kukhala koopsa kwambiri: minofu ya munthu wachikulire imafota msanga, ndipo zilonda za pamsana ndi chibayo zimakonda wogona. Mantha oti angagwe ndiwo omveka, ndipo yankho lake ndi kuima kumbali yofookayo akamayenda, osati kuwaletsa. Musawadzutse powakoka dzanja lofookalo, phewa lingaguluke. Akamatsamwa kapena kukhosomola pomwa madzi, uzani adokotala musanawasiye kudya okha.

Popeza muli ku Blantyre, pemphani kalata yokaonana ndi a fizo (othandiza kulimbitsa ziwalo) ku Queens kapena ku Kachere Rehabilitation Centre, ndipo kopelo mupite nalo. Mankhwala a BP asadumphe tsiku, chifukwa BP yosasamalidwa ingaphulitsenso mtsempha wina, ndipo asipilini asamwe popanda chilolezo cha dokotala poti imachedwetsa magazi kuundana. Mukaona kuti zimene ankachita sabata yatha zawakanika mwadzidzidzi, kapena mutu ukuwawa kwambiri, akusanza, akungosinza, musadikire tsiku la sikelo yawo. Thamangirani nawo kuchipatala tsiku lomwelo.

Azakhali